Mapilitsi a Ginkgo: Kodi Amachizadi Kuiwala?

Agogo akayamba kuiwala pomwe asiya khasu, kapena kusokoneza maina a zidzukulu, pakhomo pamagwa nkhawa. Mwana amene ali kutauni kapena ku Johannesburg akamva, nthawi zina amatumiza kabotolo kolembedwa Ginkgo biloba, ati mankhwala otsegula mutu. Musanawamwetse agogowo, dziwani izi.

Kodi ginkgo n'chiyani?

Ginkgo ndi mtengo wa ku China, sumera m'nkhalango zathu zino. Masamba ake ndi otambasuka ngati chikupizo, ndipo amasanduka achikasu asanayoyoke. Ndi mtengo wopirira kwambiri. Bomba la atomiki litaphulika mumzinda wa Hiroshima ku Japan mu 1945, mitengo ina ya ginkgo inapsa koma inaphukanso. Asing'anga a ku China akhala akugwiritsa ntchito njere zake pa chifuwa ndi mphumu kuyambira kalekale. Koma mapilitsi a m'mabotolowa amapangidwa kuchokera ku masamba, ndipo anayamba kutchuka ku Germany m'zaka za m'ma 1960.

Amathandiza chiyani?

Mu 2015, bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti mankhwala a masamba a ginkgo, opangidwa mwa dongosolo, angathandizeko okalamba amene matenda a kuiwala angowayamba kumene. Thandizo lake ndi lochepa, ndipo siloonekera lero ndi lero.

Nanga kuteteza? Ku America anachita kafukufuku pa okalamba oposa 3,000. Ena ankamwa ginkgo kawiri patsiku, ena mapilitsi opanda mankhwala, kwa zaka pafupifupi 6. Zotsatira zitatuluka mu 2008, zinaonetsa kuti matenda a kuiwala anagwira magulu onse awiri mofanana. Choncho ginkgo satchinga matendawa, ndipo sangapatse mwana wasukulu nzeru za mayeso.

Pomwe pagona ngozi

Ambiri timati mankhwala azitsamba sapweteka. Si zoona. Ginkgo angachititse kuti magazi achedwe kuundana. Amene akumwa asipirini kapena warfarin, akaphatikiza ndi ginkgo angathe kutaya magazi ambiri, ngakhale m'kati mwa thupi momwe simungaone. Amene akuyembekezera opaleshoni, kapena kukazula dzino, auze adokotala kuti amamwa mapilitsiwa.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa asamwe ginkgo. Odwala khunyu nawonso amutalikire, chifukwa angadzutse kukomoka.

Chenjezo lalikulu likupita kwa abale athu amene ali pa ma ARV. Ginkgo angachepetse mphamvu ya efavirenz m'magazi, kachilombo n'kuyambanso kuchulukana munthu akumwa mankhwala ake mokhulupirika. Kaya mumamwa mtundu uti wa ma ARV, musaonjezepo zitsamba musanafunse kuchipatala.

Wina akakubweretserani njere za ginkgo, musapatse ana. Zili ndi poizoni amene amakomola.

Nanga agogo tiwathandize bwanji?

Choyamba, pitani nawo kuchipatala. Kuiwala kumabwera pa zifukwa zambiri: kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, mowa, kusagona bwino, kukhumudwa, ngakhale kugontha. Zambiri mwa izi zili ndi thandizo. Ndalama ya kabotolo kamodzi ingathe kulipirira ulendo wokayezetsa.

Chachiwiri, popita nyamulani mabotolo onse amene agogo akumwa, a kuchipatala ndi ogula omwe. Musachite manyazi kuonetsa anamwino. Iwo sangakuchenjezeni pa chinthu chomwe mwabisa m'thumba.

Chachitatu, tiwamvetse. Wokalamba amene wasochera usiku, kapena akulankhula zosamveka, ndi wodwala, si mfiti. Afunika chakudya pa nthawi yake, anthu ocheza nawo, ndi wina womuyang'anira. Izi sizigulidwa m'botolo.

Mukawerenga tsamba lino, mupatsenso mnansi wanu, ndipo muwerengere amene sadziwa kuwerenga.