Kusanja mafayilo a ma mod m'magemu a pakompyuta

Kusanja mafayilo a ma mod ndi ntchito yoika m'malo mwake, komanso mu ndondomeko yoyenera, mafayilo amene osewera amawonjezera pa gemu ya pakompyuta pofuna kuisintha. Mod ndi chinthu chopangidwa ndi osewera eniake, osati kampani imene inapanga gemuyo: galimoto yatsopano, jezi ya timu ya mpira, mapu a dera lina, kapena malamulo ena a kaseweredwe. Plugin ndi fayilo imene gemu imawerenga ikamayamba, yomwe imaiuza zoti isinthe. Pagona nkhani ndi apa: ma mod awiri akasintha chinthu chimodzi, gemu imamvera imodzi yokha, ndipo yomveredwayo imadziwika ndi mmene mafayilo asanjidwira.

Chiyambi

Mchitidwe wosintha magemu unakula kwambiri ndi gemu ya Doom, imene kampani ya id Software inatulutsa mu 1993. Opanga ake anasunga zithunzi, mawu ndi mapu m'mafayilo apadera otchedwa WAD, motero munthu ankatha kuwonjezera zake osakhudza pulogalamu yeniyeniyo. Ma mod ena anakula mpaka kusanduka magemu oima paokha. Counter-Strike inayamba mu 1999 ngati mod ya gemu ya Half-Life.

Kumene mafayilo amakhala

Gemu iliyonse ili ndi foda yake yomwe imayang'anamo, ndipo fayilo ikaikidwa kwina gemuyo siiona n'komwe. Mu Minecraft, ma mod ndi mafayilo othera ndi .jar ndipo amalowa mu foda ya "mods", pomwe ma plugin a pa seva amalowa mu foda ya "plugins". Mu Euro Truck Simulator 2, gemu yoyendetsa mathiraki imene kampani ya SCS Software ya ku Prague inatulutsa mu 2012, mafayilo othera ndi .scs amaikidwa mu foda ya "mod" yomwe ili mkati mwa Documents. Mu Skyrim, imene Bethesda inatulutsa mu 2011, zonse zimapita mu foda ya "Data".

Magemu akale monga Grand Theft Auto: San Andreas ndi ovutirapo. Magalimoto ndi nyumba zambiri zili m'fayilo imodzi yaikulu ya gta3.img, ndipo kale wofuna kusintha galimoto ankatsegula fayiloyo n'kufufuta ya poyamba. Akalakwitsa, pobwerera panalibe, pokhapokha ngati anasungiratu kope ina.

Ndondomeko yowerengera mafayilo

Mu Skyrim ma plugin ali m'mitundu itatu: .esm, .esp ndi .esl. Fayilo ya Skyrim.esm ndiyo imawerengedwa koyamba chifukwa ndi maziko a dziko lonse la gemuyo, ndipo zina zimatsatira imodziimodzi. Ziwiri zikasintha mtengo wa lupanga limodzi, yowerengedwa pomaliza ndiyo imapambana. Plugin ina imadalira inzake kuti igwire ntchito. Yodaliridwayo ikasowa, kapena ikabwera pambuyo, gemu imatha kutsekeka isanafike n'pomwe poyambira. Palinso malire. Plugin iliyonse imapatsidwa nambala yake, ndipo ma plugin akuluakulu sangapitirire 255. Mtundu wa .esl, umene unabwera mu 2017, unachepetsa vutoli polola ma plugin ang'onoang'ono okwana 4,096 kugawana malo amodzi.

Mu Euro Truck Simulator 2 mndandanda umawerengedwa mosiyana: mod imene ili pamwamba ndiyo ili ndi mphamvu. Wozolowera Skyrim akatengera chizolowezi chake kuno amasanja chadodolido.

Mwachitsanzo, wosewera wa ku Mangochi atafuna kuyendetsa basi pa msewu wa M3 kuchokera ku Liwonde, angafunike ma mod atatu: mapu okhala ndi msewuwo ndi mlatho wa Bakili Muluzi pa mtsinje wa Shire, basi yeniyeniyo, ndi utoto wa basiyo. Ngati mod ya utoto yasintha chithunzi chomwe chili kale mu mod ya basi, iyenera kukhala pamwamba. Ikakhala pansi, basi ituluka ndi utoto wake wakale, ndipo mwiniwake aganiza kuti fayilo inaonongeka pamene vuto ndi malo chabe. Mapu ndiwo sachedwa kukangana: awiri akajambula dera limodzi, msewu umaduka pakati kapena gemu imazima.

Mapulogalamu othandiza

Ma mod akapitirira khumi kapena makumi awiri, kusanja pamanja kumatopetsa. Pulogalamu ya LOOT imayang'ana ma plugin a magemu a Bethesda n'kuwasanja yokha, komanso imachenjeza ngati china chikusowa. Vortex, yopangidwa ndi tsamba la Nexus Mods, imasunga ma mod padera n'kuwalumikiza ku foda ya gemu. Mod Organizer 2 ndiyo yaukhondo kwambiri: mod iliyonse imakhala mu foda yakeyake, ndipo gemu ikamayamba pulogalamuyi imaionetsa mafayilo onse ngati ali pamodzi, chonsecho foda ya gemu sinakhudzidwe. Kuchotsa mod kumangofuna kudina kabokosi kamodzi. Kwa San Andreas kuli Mod Loader, imene imawerenga mafayilo a mu foda ya "modloader" popanda kutsegula gta3.img.

Mapulogalamuwa sachotsa mikangano ya mafayilo. Amangoionetsa poyera, ndipo wosankha amakhalabe munthu.

Kumene intaneti ndi yodula

M'madera monga Mangochi ndi Monkey Bay, kumene anthu ambiri amagula intaneti ya pa foni m'mabandulo, gemu ikaonongeka si nkhani yaing'ono, chifukwa kuitsitsanso kumadya magigabayiti ambiri. N'chifukwa chake ndi bwino kukopera foda yonse ya gemu pa fulashi musanalowe mod iliyonse, ndi kusunga mafayilo a .zip kapena .rar monga anabwerera, mu foda yosiyana ndi ya gemu. Magetsi akazima fayilo ili mkati mokopedwa, imatsala yoduka ngakhale dzina lake likuoneka bwinobwino. Kuyerekeza kukula kwake ndi kwa yoyambayo kumaulula zimenezi.

Dzina la fayilo limafunika kunena chimene chili mkati, komanso nambala ya gemu imene mod inapangidwira, popeza mod ya Euro Truck Simulator 2 1.40 singagwire nthawi zonse pa 1.49. Izi zimafunika kwambiri mafayilo akamayenda pa fulashi kuchoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake, pomwe malangizo a wopanga amatayika panjira. Mod imene yabwera ngati fayilo ya .exe kuchokera kosadziwika ndi yokayikitsa, chifukwa mavairasi amabisala m'mafayilo otere.

Kupeza mod yolakwa

Gemu ikayamba kuzima, njira yachangu ndi yozimitsa theka la ma mod n'kuyesa. Vuto likapitirira, lili mu theka lotsalalo, ndipo nalonso limagawidwa pawiri. Pa ma mod 64, kuyesa kasanu ndi kamodzi kumakwana kupeza yolakwayo, ngati ili imodzi. Euro Truck Simulator 2 imalembanso zolakwika mu fayilo ya game.log.txt. Mu Skyrim kuyesa kotere kumachitika pa gemu yoyamba kumene, chifukwa fayilo yosunga pomwe wosewera analekezera imakumbukira ma plugin onse amene analipo, ndipo kuchotsa imodzi pakati pa ulendo kungaiononge.