Nsomba zisanu basi: mkangano wa padoko ku Newfoundland

Pa 2 Julayi 1992 boma la Canada linaletsa usodzi wa nsomba ya cod kumpoto chakum'mawa kwa chilumba cha Newfoundland. Linati chiletsocho ndi cha zaka ziwiri zokha, koma chinatha mu Juni 2024, patapita zaka 32. Pamene chinkatha, pa anthu pafupifupi 30,000 amene ntchito inawathera mu 1992, ambiri anali atakalamba, ena atasamuka kalekale. Masiku ano tsiku lokumbukira chiletsochi limafika timaboti tili kale pamadzi, chifukwa ndi nyengo imene munthu wamba amaloledwa kukawedza nsomba za ndiwo zapakhomo.

Chilolezocho n'chopimira. Mu 2024 masiku ake anali 39: Loweruka, Lamlungu ndi Lolemba kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka kuchiyambi kwa Sepitembala, kuwonjezerapo masiku 9 otsatizana kumapeto kwa Sepitembala. Chaka chimenecho munthu mmodzi ankatenga nsomba zapansi zisanu patsiku, ndipo boti silinkapitirira 15 ngakhale mutakwera anthu asanu ndi mmodzi. Kugulitsa n'koletsedwa.

Pamudzi wina wa asodzi m'mphepete mwa Trinity Bay, bambo wina wachikulire anafika padoko Loweruka kusanache, ali ndi mdzukulu wawo wamkazi komanso mnzawo woyandikana naye nyumba. Boti lawo ndi lopanda denga, la injini yakumbuyo, loti anthu atatu akakhala ndiye ladzaza. Makina oonetsa kuya kwa madzi analimo, mwana wawo ndiye anawagulira, koma iwo maso anali kumtunda. Anayendetsa boti pang'onopang'ono mpaka nsonga ya tchalitchi italunjikana ndi mpata wa m'phiri, n'kuzimitsa injini. Pansi pamenepo pali chitunda cha miyala chimene bambo awo ankawedzapo, ndipo cod imakonda kuzungulira m'mbali mwake.

Ndodo sanatenge. Chingwe chawo n'chokulunga pakathabwa, kumapeto kuli mtovu wolemera ndi mbedza zosapitirira zitatu, monga lamulo linenera. Anamasula chingwe mpaka mtovu utagunda pansi, n'kuchikweza pang'ono kuti mbedza zisakole m'miyala, kenaka n'kuyamba kukoka ndi kubweza, kukoka ndi kubweza, chingwe chikudutsa pachala. Cod siithamanga ndi chingwe. Imangolemera, ngati mbedza yakola thumba la mchenga, ndipo nthawi ndi nthawi umamva ikugwedeza mutu pansipo. Bambowo ankakoka dzanja ili dzanja ilo, osapupuluma, chingwe chonyowa chikuunjikana pamapazi pawo. Chimene chinayamba kuoneka m'madzi obiriwirawo ndi mimba yoyera, kenaka msana wamaangamaanga ndi kandevu kamodzi pachibwano. Anaikweza m'boti, n'kuicheka pakhosi pomwepo kuti magazi achoke, nyama ikhale yoyera.

Boti litatengeka pang'ono kufika pamchenga, mdzukulu uja anamva chinthu chikunyomola nyambo mopepuka. Anavuula flounder, nsomba yaphwatalala yokhala ndi maso onse awiri mbali imodzi, pamwamba yoderapo ngati mchenga umene imagonapo, kunsi yoyera. Mtsikanayo anagwa nkhope n'kufuna kuibweza m'madzi. Agogo ake anam'letsa: flounder nayo imawerengedwa pa zisanu zija, ndipo lamulo silola kutaya nsomba yaing'ono pofuna kudikira yaikulu. Anam'lonjeza kuti akaikazinga okha, ndipo akalawa sadzainyozanso.

Dzuwa lisanakwere kwambiri nsomba zinali zitakwana 15. Pansi zinali zikadalipo zambiri, zikulumabe, koma bambowo anakulunga chingwe. Kudoko anaziyala pathebulo la matabwa, n'kuchotsa minofu, malilime ndi masaya, zimene kumeneko amazikonda zokazinga, mbalame zam'nyanja zikulimbirana matumbo.

M'mawa mwake mphepo inauka. Bambowo anaima padoko, n'kuyang'ana mafunde, n'kubwerera kunyumba. Koma maboti ena anatuluka ndithu, ena muli ana. Mkangano wonse wagona pamenepa.

Anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja akuti masiku oikidwa pakalendala ndi amene amakankhira anthu pangozi. Nyanja ya Atlantic sidziwa Loweruka. Lachitatu madzi amatha kukhala bata, munthu n'kumangoyang'ana pawindo, Lamlungu n'kubwera chimphepo kapena chifunga choti kutsogolo kwa boti osakuona. Amene wathira kale mafuta, wapempha tchuthi kuntchito, ndipo akudziwa kuti tsiku likapita silibwezedwa, amalimba mtima pamene samayenera. Pempho lawo n'loti chiwerengero cha nsomba chikhale chomwecho, koma munthu azisankha yekha tsiku lopita.

Mawu awo anakula mphamvu usodzi wamalonda utatsegulidwanso. Mu 2024 boma linalola matani 18,000, ndipo mu 2025 linakweza kufika pa 38,000. Gawo lina linapita kwa zombo zikuluzikulu zokoka makoka pansi panyanja, mtundu womwewo wa zombo zimene anthu amazinena kuti ndizo zinamaliza nsomba. Mu 1968 mokha cod yoposa matani 800,000 inavuulidwa m'madzi amenewa, yambiri ndi zombo zakunja. Ndiye funso limene limamveka padoko n'loti: ngati nsomba zachuluka moti chombo cha makoka chabwerera, bwanji nkhalamba ya chingwe chimodzi ikuwerengeredwabe masiku?

A mbali inayo nawo mfundo ali nazo. Nsomba yamalonda imayezedwa pasikelo n'kulembedwa. Ya ndiwo ilibe laisensi, ndipo imatuluka m'madoko ang'onoang'ono ambirimbiri, moti kuchuluka kwake akatswiri amangoyerekeza. Zisanu zikuoneka zochepa m'boti limodzi, koma maboti ndi ochuluka. Palinso amene amapita kawiri patsiku, ndi amene amagulitsa minofu mobisa. Masiku akakhala ochepa, oyang'anira malamulo amadziwa nthawi yoyendera madoko. Akatswiri ena amakumbutsanso kuti cod sinabwerere mwakale, ndipo capelin, kansomba kamene cod imadalira pa chakudya, sikanachulukenso chichepereni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Njira yapakati imatchulidwa kawirikawiri: munthu apatsidwe timatikiti tomangirira pansomba iliyonse, tokwanira chaka chonse, azipita tsiku limene nyanja yalola. Koma ambiri pachilumbapa safuna kumva zimenezo. Kwa iwo kuwedza cod ya pakhomo ndi ufulu wobadwa nawo, pamalo pamene makolo awo akhala akudalira nsomba imeneyi kwa zaka mazanamazana, ndipo kukapempha pepala kuofesi amakuona ngati chipongwe.

Kuwawa mtima kumeneku n'komveka, komabe ine ndikuona kuti kulembetsa nsomba n'kopepuka poyerekeza ndi kuika maliro a munthu amene anatuluka pamphepo poopa kuluza tsiku. Nsomba yosawerengedwa imatha anthu akuyang'ana. Asodzi a ku Malombe anaona chambo chikuzimiririka m'zaka zomwezo zimene cod inkatha ku Canada. Koma lamulo losunga nsomba lisamakakamize munthu kusankha pakati pa ndiwo ndi moyo. Ndipo boma limene latsegulira chombo chachikulu khomo liyenera kufotokoza momveka chifukwa chake lam'tsekera theka mwini boti laling'ono.

Bambo aja sanalowerere kwambiri mkanganowu. Anangoti mufiriji mwawo mukalowa nsomba zokwanira kudutsa nyengo ya chisanu, ndi zina zothira mchere za pa Khirisimasi, kwa iwo zakwana. Chimene chimawadetsa nkhawa n'chakuti achinyamata akudalira makina, ndipo malo owedzera amene makolo ankawazindikira ndi phiri ndi tchalitchi sanalembedwe paliponse.

Pamalo oimika magalimoto pafupi ndi doko, angapo anali a manambala a ku chigawo cha Alberta. Ndi a mabanja amene anapita kukagwira ntchito kumigodi ya mafuta usodzi utatsekedwa, ndipo ambiri amakonza tchuthi chawo kuti chigwere m'masiku owedza. Amayenda makilomita masauzande, mafuta a galimoto okha kuposa mtengo wa nsomba zimene adzagwire, ndipo pobwerera kumbuyo kwa galimoto kumakhala bokosi la ayezi.