Zisudzo za kusukulu ndi gule wa pabwalo ku Chongoni

Mwana wa sekondale wokhala m'munsi mwa phiri la Chongoni ali ndi malo awiri oonerako luso loimirira pamaso pa khamu: kusukulu ndi pabwalo la mfumu.

Kusukulu sewero limayambira m'buku. Pokonzekera mayeso a MSCE, omwe amayendetsa a MANEB, ophunzira akhala akuwerenga masewero monga Macbeth wa Shakespeare, n'kukayankha mafunso papepala. Mwana atha kupeza malikisi apamwamba asanakwerepo pasiteji. Kusewera kwenikweni kumachitika akaweruka, m'kalabu ya zisudzo, pokonzekera mipikisano ngati ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi. Njirayi si yoipeputsa. Du Chisiza Jr anatchukira pa ATEM mu 1982 akuphunzira ku HHI ku Blantyre, ndipo mu 1987 anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre. Koma chikho cha mpikisano chimatsala mu ofesi ya ahedi, pa satifiketi ya mwana sichioneka. N'chifukwa chake makolo ena amati kalabuyo ndi yongotayitsa nthawi.

Pabwalo zinthu n'zina. Eni ake satcha Gule Wamkulu sewero, ndipo ine sindingamutche choncho. Ndi mwambo wotuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga mfumu. Komabe mphunzitsi wa zisudzo akaima pambali n'kupenyetsetsa, aona zonse zimene amavutika kufotokoza pabolodi. Chilombo chilichonse chili ndi khalidwe lake: Chadzunda amalowa ndi kayendedwe ka nkhalamba yaulemu wake, Simoni wa nkhope yofiira amanyogodola makhalidwe a azungu. Woimba mbalule maso ake amakhala pamapazi a chilombo, amayi akuvomera nyimbo ndi kuwomba m'manja. Chikavina mogwira mtima, anthu amafupa pomwepo. Chikafooka, bwalo lonse limadziwa, osadikira zotsatira za mayeso.

Kaphunzitsidwe kameneka n'kakale kuno. M'mapanga a Chongoni muli malo 127 a zojambula pamiyala, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Namzeze kuli zithunzi zoyera za zilombo za Nyau, pomwe za ku Chentcherere zimakhudza chinamwali cha atsikana, kumene anamkungwi amalangiza ndi nyimbo, zithunzi ndi thupi.

Pamene sukulu imaposa ndi pakhomo pake. Kudambwe amalowako ovinidwa okha, ndipo za kumeneko sizikambidwa poyera. M'kalabu amalowa aliyense, mtsikana kaya mnyamata, wa mpingo uliwonse, ndipo ana atha kulemba sewero lawolawo la kukwera mtengo kwa feteleza kapena la mnzawo wokwatiwa ali fomu 2. Wolimbikira atha kukapitiriza zisudzo ku University of Malawi ku Zomba.

Sindikufuna kuti gule alowe m'kalasi, ali ndi eni ake. Chimene sukulu ingatengereko pabwalo ndi kayesedwe. Ngati zisudzo ziti zikhale phunziro lolemera pa satifiketi, woyesa azibwera kudzaonera ana akusewera pamaso pa anthu, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, ndipo malikisi ena azichokera pa mawu, kayendedwe ndi kugwirizana kwa gulu.