Nyimbo zili pamchenga, m'kalasi mulibe

Nyengo yotentha ikafika, msewu wochoka pa boma la Salima kupita ku Senga Bay umadzaza ndi magalimoto a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Pakati pawo pamakhala malole onyamula zokuzira mawu, magetsi ndi zitsulo zomangira nsanja. Kuno ndi kumene Sand Music Festival, chikondwerero chomwe anayambitsa malemu Lucius Banda, chachitikira kwa zaka zingapo pa Sunbird Livingstonia Beach. Lake of Stars nayo inachitikira pagombe lomweli mu 2008, ndipo mu 2018 inabweranso ku Salima, pa Kabumba Hotel.

Ana a m'midzi yozungulira amamvera zonsezi ali kunja kwa mpanda. Ena amadziwa nyimbo iliyonse pamtima, ena amatha kukuuzani kuti woimba gitala wa besi walakwitsa pati. Lolemba likafika amavala yunifolomu n'kupita kusukulu komwe luso limeneli palibe amalifunsa.

Nanga mwana wa kwa Maganga kapena wa ku Chipoka yemwe ali ndi khutu la nyimbo angaiphunzire kuti mozama, monga mmene mnzake amaphunzirira masamu?

Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, momwe anaphatikizamo kuimba, kuvina, zisudzo, zojambula ndi masewera olimbitsa thupi. Pa mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB, phunziroli limalowa m'pepala la Arts and Life Skills, ndipo mwana amayankha polemba basi. Atha kukhoza bwino asanatsegule pakamwa kuti aimbe. Kumwamba kwenikweni nako kuli malo: University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa nyimbo, pamene MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya African Musicology pansi pa Bingu School of Culture and Heritage. Vuto lili pakati, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Zili ngati mlatho wokhala ndi matabwa tsidya lino ndi tsidya linalo, koma pamwamba pa madzi penipeni palibe chopondapo.

Papepala, silabasi ya sekondale ili ndi Performing Arts pakati pa maphunziro osankha. Koma mphunzitsi wamkulu wa CDSS yemwe ali ndi aphunzitsi ochepa, wina akugwira Chichewa, Geography ndi Life Skills yekhayekha, sangayambe n'kuganiza za phunziro lomwe alibe womuphunzitsira. Makolo nawo ali ndi masamu awo. Amadziwa kuti pa MSCE amawerengera mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wakhoza bwino, ndipo mapointiwo ndiwo amatsegula khomo la kuyunivesite. Kwa bambo yemwe wagulitsa usipa kuti alipire fizi, kuimba ndi za kukwaya Loweruka masana. Sitingawanene. Dandauloli si lachilendonso: Dr Robert Chanunkha analemba za mavuto a maphunziro a nyimbo m'Malawi pa kafukufuku wake ku University of Pretoria mu 2005.

M'dziko muno A-Level imapezeka m'sukulu zochepa zotsata maphunziro a ku Britain, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama. Ku England wophunzira nyimbo pa mlingo umenewu amayesedwa pa zinthu zitatu: kuimba kapena kuliza chida, kupeka nyimbo yakeyake, ndi kumvetsera nyimbo n'kufotokoza mmene inamangidwira. Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza za piyano ndi vayolini, n'kunena kuti ife tilibe ndalama zake. Apa ndi pomwe timasochera, chifukwa pa zitatu zija palibe chomwe chimalamula piyano.

Tiyeni titenge ng'oma za Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Pabwalo ng'oma zina, monga mpanje, zimagwira kugunda kosasinthasintha, iliyonse ndi kayendedwe kake, ndipo zimalukana popanda kupondana. Mbalule ndiye imayankhula. Woimba mbalule amayang'ana miyendo ya wovina, n'kumayankha phazi lililonse nthawi yomweyo. Akachedwa pang'ono chabe, bwalo lonse limadziwa. Gule asanayambe, ng'oma amaziwamba pamoto kuti chikopa chikungike, ndipo zina amazimata phula pakati kuti mawu atsike. Wophunzira wa Fomu 3 atapatsidwa ntchito yoti amvetsere, alembe kagundidwe ka ng'oma iliyonse, kenako afotokoze chifukwa chake kutentha kumakweza mawu a chikopa, angatuluke thukuta kuposa pa mayeso a Physics. Inde, za kudambwe ndi za kudambwe, sizingalowe m'kalasi, ndipo makolo ena a kutchalitchi ndi kumzikiti angafune kumva kaye kuti ana awo akuphunzira chiyani. Koma zomwe zimamveka poyera pabwalo n'zokwanira teremu yathunthu.

Mganda ndi beni zili ndi mbiri yakenso. Magule amenewa anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, n'chifukwa chake ovina amayenda m'mizere, amavala mwaudongo ndipo ali ndi maudindo onga a kunkhondo. M'boma lomwe muli sukulu ya asilikali ya MAFCO, nkhani imeneyi siingavute kuifotokoza. Kwa Ayao a m'mbali mwa nyanja kuli sikiri, komwe mpweya wa munthu umagwira ntchito ya ng'oma. Ndipo m'matchalitchi ambiri muli aphunzitsi a kwaya odziwa kuwerenga solofa, amene amagawa mawu anayi popanda chida chilichonse. Anthu onsewa alibe satifiketi ya uphunzitsi, choncho sukulu siiwawerengera.

Ena amati oimba athu otchuka sanafune kalasi. Mbiri ya Lucius Banda, yemwe anamwalira pa 30 June 2024, ikunena zina. Anakulira mu Alleluya Band ku Balaka pansi pa mkulu wake Paul Banda, gulu lomwe linali ndi zida komanso mwambo wophunzitsana, ndipo mu 1993 anapita kukaphunzira nyimbo ku Dorkay House ku Johannesburg. Mwayi wotero umagwera ochepa.

Palinso mbali ya ndalama. Chikondwerero chimodzi chimafuna osakaniza mawu, okonza zida, ojambula nyimbo ndi olemba mapangano. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama za eni nyimbo, koma woimba wosadziwa za umwini wa nyimbo amasaina pepala lililonse lomwe wapatsidwa. Izi n'zophunzitsika mu Fomu 4.

Chosowa chachikulu ndi mphunzitsi. Malinga ngati makoleji ophunzitsa aphunzitsi a sekondale, monga Domasi ndi Nalikule, satumiza m'maboma anthu okwanira odziwa phunziroli, silabasi ikhalabe mu kabati ya mphunzitsi wamkulu. Pakadali pano wachinyamata wa ku Senga Bay wofunitsitsa kuphunzira ayenera kukwera minibasi ya ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100, kukafunsa malo ku Music Crossroads Academy ku Area 23, n'kupezanso wachibale woti azigona kwawo.