Chilolezo chokhazikika ku South Africa: zofunika kudziwa pachipata

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, mabasi ochokera ku Johannesburg amadzaza ndi abale athu obwera kudzaona makolo, kudzafolera nyumba ndi kudzalipirira ana sukulu. Ena mwa iwo ali ndi chilolezo chokhala ku South Africa mpaka kalekale, chimene ambiri amangochitchula kuti PR. Chilolezochi sichipezeka mwachibwanabwana: wodzera njira ya ntchito kapena ya ukwati amayenera kukwanitsa zaka 5 asanachipemphe, ndipo yankho lake limachedwa. Munthu wotere akachitaya chifukwa chosadziwa malamulo a pachipata, savutika yekha. Banja lonse kuno kumudzi, lomwe limadalira ndalama zimene amatumiza, limavutika naye limodzi.

Chilolezo si unzika

Mwini PR akadali Mmalawi ndipo amayendera pasipoti ya Malawi. Ulendo wa pamsewu wochokera ku Joni uli ndi mawindo asanu ndi limodzi odindira pasipoti: awiri pa Beitbridge, kenako Nyamapanda ndi Cuchamano, pomaliza Zobue ndi Mwanza, kapena Calomue ndi Dedza kwa odzera njira inayo. Pa mawindo onsewa, chilolezocho chili ndi mphamvu pa limodzi lokha, la mbali ya South Africa. Ku Zimbabwe ndi ku Mozambique ndinu Mmalawi wodutsa ngati wina aliyense, ndipo chimene amayang'ana ndi pasipoti. Choncho ionetsetseni ulendo usanayambe: isakhale yong'ambika, ikhale ndi masamba odindapo, ndipo musadikire kuti itsale pang'ono kutha mphamvu musanapemphe ina.

Pa windo la South Africa

Kuyambira mu Epulo 2023, zipata za dzikolo zimayendetsedwa ndi bungwe la Border Management Authority, pomwe zilolezo zimaperekedwabe ndi nthambi ya Home Affairs. Pa windo lawo perekani pasipoti pamodzi ndi chikalata chenicheni cha PR, osati fotokope kapena chithunzi cha m'foni. Chitupa chimene dzikolo limapereka kwa okhazikika chikhalenso pafupi.

Kenako werengani chidindo musanachoke pawindo. Mmalawi wongopita kukacheza amapatsidwa masiku osapitirira 30, pomwe mwini PR sawerengeredwa masiku. Koma basi yonse ikatsikira pamzere umodzi usiku, wogwira ntchito wotopa akhoza kukudindirani ngati mlendo, makamaka mukapereka pasipoti yokha. Cholakwikacho chimadzaonekera tsiku lotuluka, kompyuta ikamasonyeza kuti munapyola masiku. Malamulo a 2014 amati wopyola ndi masiku osapitirira 30 aletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopyola ndi masiku oposa pamenepo aletsedwe kwa zaka 5. Kukonza chidindo pomwepo n'kwa mphindi zochepa. Kuchotsa chiletso mutafika kale kumudzi kumafuna makalata ndi kudikira, ntchito ili chiimire.

Amene anangopereka pempho la PR adziwenso kuti lisiti yopemphera si chilolezo. Ngati chilolezo chakale chatha mphamvu yankho lisanatuluke, afunse kaye ku Home Affairs asanagule tikiti.

Zaka zitatu

Ambiri amaganiza kuti chilolezo chokhazikika sichingafe. Gawo 28 la lamulo la Immigration Act la 2002 limapatsa Home Affairs mphamvu yochilanda kwa munthu amene wakhala kunja kwa South Africa kupitirira zaka 3. Wobwera kudzasamalira kholo lodwala kapena kudzayambitsa bizinesi aziwerengera nthawiyo kuchokera pa chidindo chotulukira. Ngati pali chifukwa chomveka chokhalitsira, lamulolo limalola kupempha nthawi yowonjezera, koma pempholo liperekedwe zaka zitatuzo zisanathe. Pa chifukwa chimenechi musataye pasipoti yakale mukalandira yatsopano, poti zidindo zake ndizo umboni wa maulendo anu.

Wolandira chilolezo kudzera mu ukwati akumbukire kuti banjalo likatha pasanapite zaka 2 chilandirireni, chilolezocho chimathanso mphamvu, pokhapokha ngati mnzakeyo wamwalira.

Pakabuka vuto

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogwira ntchito akakayikira mapepala anu, yankhani zimene wafunsa mwachidule ndi mwaulemu, ndipo musapeke nkhani. Mukalephera kumvana, pemphani kuonana ndi mkulu wake. Ngati akukanizani kulowa, gawo 8 la lamulo lomwelo limati akudziwitseni polemba kuti muli ndi ufulu wopempha nduna kuti iunikenso chigamulocho. Sungani pepalalo, ndipo musasaine chikalata chimene simunachiwerenge. Ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi ofesi yake ya ku Johannesburg zilipo kuti zithandize nzika zathu.

Pasipoti musaipereke kwa dobadoba kapena aliyense wolonjeza kukakudindirani inu muli m'basi. Chidindo chimene sichinalowe m'kompyuta chimasiya mpata m'mbiri ya maulendo anu, ndipo wodzayankha mlandu ndinu. Chimodzimodzinso PR yogula pamsewu: gawo 29 limaika munthu wopezeka ndi chilolezo chachinyengo m'gulu la oletsedwa kulowa m'dzikolo. Chikalata chenicheni chikatayika, nenani kupolisi ndipo pemphani umboni wa chilolezo ku Home Affairs kudzera ku maofesi a VFS Global.

Ndalama iliyonse yolipira pachipata ikhale ndi lisiti. Kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo mwini PR ali ndi zambiri zoti angataye kuposa wongodutsa. Kuno kwathu madandaulo otere amapita ku bungwe la Anti-Corruption Bureau.

Pofika kwathu

Pa Mwanza kapena pa Dedza mumalowa ngati nzika, ndipo palibe wokuwerengerani masiku. Komabe kukhala kunja sikuchotsa udindo wa msonkho. Katundu yense muonetse kwa a MRA pamodzi ndi malisiti ogulira, kuti mtengo wake usachite kuyerekezedwa. Galimoto ya nambala ya ku South Africa imafunika chilolezo cholowera m'dziko muno kwa kanthawi, ndipo iyenera kutuluka tsiku lolembedwapo lisanapyole. Woyenda ndi mwana atenge chikalata cha kubadwa kwa mwanayo, komanso kalata ya chilolezo ya kholo linalo ngati silili paulendowo.

Inu makolo, mafumu ndi mamembala a makomiti a chitukuko, fikitsani uthengawu kwa abale amene ali ku Joni asanakwere basi. Auzeni asiye fotokope ya pasipoti ndi ya chilolezo kwa munthu wodalirika kuno kumudzi, ndipo akafika alembe penapake tsiku limene anatuluka pa Beitbridge.