Mlangizi wolipidwa sagulitsa malo a ku yunivesite

Ku America kulibe bungwe limodzi losankhira ana ku mayunivesite monga momwe NCHE imachitira kwathu kuno. Mwana womaliza sekondale amapempha yekha malo ku sukulu iliyonse yomwe akuifuna. Amatumiza magiredi a zaka zinayi, makalata omuchitira umboni ochokera kwa aphunzitsi, mndandanda wa zomwe amachita akaweruka, ndi chimangirizo chofotokoza za moyo wake. Ambiri amadzera pa fomu ya Common App, yomwe imalandiridwa ndi sukulu zoposa 1,000. Ntchitoyi ndi yaikulu, ndipo owathandiza ndi ochepa. Bungwe la alangizi a m'sukulu la ASCA limati mlangizi mmodzi azisamalira ana 250, koma m'chaka cha maphunziro cha 2022 mpaka 2023 aliyense ankasamalira ana pafupifupi 385. Mpata umenewu ndi womwe unabala bizinesi ya alangizi apadera, omwe makolo amawalipira kuchokera m'thumba mwawo. Tsopano bizinesiyi yafika ngakhale kwa makolo a kunja omwe akulakalaka kutumiza ana awo ku America, ndipo yabwera ndi mabodza ake.

Bodza lalikulu ndi lakuti mlangizi wodula ali ndi anthu ake m'kati, moti akangoimba foni mwana walowa. Makolo amakhulupirira zimenezi chifukwa anazolowera kuti zinthu zimayenda ukakhala ndi wokudziwa. Koma m'masukulu otchuka, fomu imawerengedwa ndi antchito a ofesi yolandira ophunzira, ndipo nthawi zambiri chigamulo chimadutsa mu komiti. Mlangizi wapadera sakhala nawo pa zokambiranazo. Ku Harvard, pa anthu 100 aliwonse opempha malo m'zaka za 2022 mpaka 2024, otengedwa sankafika anayi. Ana anzeru zedi amakanidwa chaka chilichonse, kaya anali ndi mlangizi kaya analibe.

Alipo munthu yemwe analonjezadi malo n'kumawapereka, ndipo nkhani yake inathera kundende. Mu Malichi 2019, boma la America linaulula katangale wa William Singer, yemwe ambiri ankamutchula kuti Rick, ndipo anthu pafupifupi 50 anaimbidwa milandu nthawi imodzi. Singer ankadzitcha mlangizi, koma chomwe ankagulitsa chinali ziphuphu. Ankahonga aphunzitsi a zamasewero kuti alembe ana ngati akatswiri a masewero omwe sankawasewera, komanso ankalipira oyang'anira mayeso kuti alole munthu wina kukonza mayankho. Katswiri wa mafilimu Felicity Huffman analipira madola 15,000 kuti mayankho a mwana wake pa mayeso a SAT akonzedwe, ndipo anagamulidwa kukhala kundende masiku 14. Katswiri wina wa mafilimu, Lori Loughlin, ndi mwamuna wake anapereka madola 500,000 kuti ana awo awiri alowe University of Southern California ngati opalasa bwato, ndipo onse awiri analowa m'ndende. Singer anagamulidwa mu Januwale 2023 kukhala zaka zitatu ndi theka. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena mwa anawo sankadziwa n'komwe zomwe makolo awo anachita, koma manyazi anawagwera pamaso pa dziko lonse.

Ena amaganiza kuti munthu akadzitcha mlangizi wa za maphunziro ndiye kuti boma linamuyesa n'kumupatsa chiphaso. Sizili choncho. Aliyense atha kudzitcha mlangizi mawa lomweli. Zomwe zilipo ndi mabungwe a alangizi olowa mwakufuna, monga IECA, lomwe linayamba mu 1976, HECA, ndi NACAC. Malamulo a IECA amaletsa membala kulonjeza kuti mwana atengedwa, komanso kulandira ndalama kuchokera ku sukulu chifukwa chotumizako mwana.

Pa lamulo lachiwirili ndi pomwe makolo a kunja ayenera kutsegula maso. Malamulo a America amaletsa sukulu zolandira thandizo la boma kupereka komishoni kwa munthu wozibweretsera ophunzira a m'dzikomo, koma chiletsochi sichikhudza ophunzira ochokera kunja. Choncho alipo anthu omwe amakuuzani kuti akuthandizani ulere kapena pa mtengo wotsika, pomwe amalipidwa ndi sukulu pa mutu wa mwana aliyense. Sikuti onse ndi akuba. Koma munthu wotere amakuonetsani sukulu zokhazo zomwe zimamulipira, ngati kondakitala woitanira minibasi yake. Funso loti “kodi inu amakulipirani ndani?” ndi loyenera kufunsidwa pa tsiku loyamba, ndipo mlangizi woona saliona ngati chipongwe.

Pa nkhani ya chimangirizo ndimaumirira kwambiri, chifukwa apa ndi pomwe makolo abwino amalakwira ana awo mosazindikira. Amati poti talipira, mlangizi alembe yekha kuti Chingerezi chimveke bwino. Chimangirizo cha pa Common App sichipitirira mawu 650, ndipo mwana asanatumize fomu amavomereza kuti zonse ndi ntchito yake. Sukulu ikazindikira chinyengo itha kulanda malo ngakhale inali itawapereka kale. Kuonjezera apo, owerenga mafomuwa amawerenga mazanamazana pa nyengo imodzi, ndipo kalembedwe ka munthu wamkulu kamaonekera pakati pa zolemba za ana a zaka 17. Mlangizi wabwino amafunsa mwana mafunso mpaka mwanayo apeze yekha nkhani yoti anene, kenako amamuuza pomwe sipakumveka. Mtsikana yemwe ankathandiza amayi ake kuwerengera ndalama za geni akaweruka kusukulu ali ndi nkhani yeniyeni, yoposa mawu okometsera olembedwa ndi mlendo. Kumulanda mwayi woinena m'mawu ake ndi kumuuza kuti moyo wake si wokwanira.

Palinso ena omwe amapita mbali inayo, n'kumati alangizi onsewa ndi ongodya ndalama za anthu. Izinso si zoona. Mlangizi wodziwa ntchito amathandiza banja kusankha sukulu zoyenerana ndi magiredi a mwana komanso thumba la makolo, mmalo mothamangira mayina asanu omwe aliyense amawadziwa. Amasunga kalendala, chifukwa mafomu oyambirira ambiri amatsekedwa pa 1 Novembala ndipo enawo kumayambiriro kwa Januwale. Amafotokoza kuti njira ya Early Decision ndi pangano lomanga, loti ukatengedwa uyenera kupita n'kuchotsa mafomu a sukulu zina. Koposa zonse, amalankhula za fizi msanga. Sukulu zomwe sizimayang'ana umphawi wa mwana wa kunja posankha, n'kumulipirira zonse zomwe akusowa, ndi zochepa, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst. Ku sukulu zambiri, kupempha thandizo lalikulu kumachepetsa mwayi wotengedwa. Fomu yopemphera thandizo la ndalama ya FAFSA ndi ya nzika ndi ena okhazikika m'dzikomo, pomwe wa kunja nthawi zambiri amadzaza CSS Profile kapena fomu ya sukuluyo. Banja losadziwa izi limatha kusangalala ndi kalata yotengedwa, kenako n'kulira litaona fizi. Nayo viza ya ophunzira ya F-1 imaperekedwa ndi ofesi ya kazembe mwana akalandira fomu ya I-20 kuchokera ku sukulu, ndipo palibe mlangizi yemwe angailonjeze.

Uphungu woterewu alangizi apadera amaugulitsa pa madola masauzande angapo, ndalama zomwe mabanja ambiri sangazikwanitse. Komabe ana ambiri ku America amalowa koleji opanda mlangizi wolipidwa, ndipo kwa a kunja boma la America lili ndi nthambi ya EducationUSA, yomwe ili ndi malo operekera uphungu oposa 400 m'maiko oposa 170, kuphatikizapo ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Makolo, musanagulitse munda kapena kutenga ngongole kuti mulipire mlangizi, yambani mwapita ndi mwana wanu kumeneko mukamve zomwe amalangiza ulere. Mukaonabe kuti mukufuna wolipidwa, mupempheni alembe papepala zomwe adzachite ndi mtengo wake, ndipo akangoti malo ndi otsimikizika, musamupatse ndalama zanu.