Chess: Wotsala ndi Mfumu Yokha Asafulumire Kugonja

M'makalabu a chess m'matauni mwathu mungaone anthu awiri atakhala pa bolodi maola atatu, kenaka agwirana canza popanda wopambana. Ozolowera nsolo amafunsa kuti, kodi nthawi yonseyi yapita pacabe? Iyai. Pa mpikisano, wopambana amalandira pointi imodzi, wogonja sapeza kanthu, koma olepherana amagawana theka-theka. Nthawi zina theka limenelo ndilo limapulumutsa timu.

Tiyeni tione m'mene masewera otere amathera. Zida zonse zadyedwa. Mwini zoyera watsala ndi mfumu ndi msilikali mmodzi pa mzere wa m'mphepete mwa bolodi, mnzake wa zakuda ali ndi mfumu yokha. Msilikali uja akafika kumapeto adzasanduka mfumukazi, ndipo masewera adzathera pomwepo. Osewera ambiri a m'kalabu amataya mtima apa, n'kugonja.

Koma wodziwa amathamangitsira mfumu yake pa kona pamene msilikaliyo afuna kukafika, n'kumangoyendayenda pomwepo. Palibe njira yoicotserapo. Woyera akakankha msilikali kufika pa khomo la kona, mfumu yake ili pambuyo kumteteza, mfumu yakuda imasowa kopita ngakhale palibe cida ciri kuiopseza. Lamulo limacha zimenezi stalemate, ndipo ndi kulepherana. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso njira zina. Masewera amatha wopanda wopambana ngati zida zabwerera m'malo omwewo katatu, ngati aliyense wasewera ka 50 popanda kudya cida kapena kusuntha msilikali, ngati zida zotsala sizingagwire mfumu, monga kavalo mmodzi yekha, kapena ngati awiriwo angogwirizana.

Akatswiri nawonso amalepherana. Mu 2018 ku London, Magnus Carlsen ndi Fabiano Caruana polimbirana ufumu wa dziko lonse analepherana masewera onse 12, mpaka anawasiyanitsa ndi masewera ofulumira, m'mene Carlsen anapambana.

Inu amene muphunzitsa ana chess m'masukulu ndi m'midzi, mukuyembekeza kuti pakati pao padzatuluka Amon Simutowe wina, musawaonetse njira zopambanira zokha. Ikani mfumu ziwiri ndi msilikali mmodzi pa bolodi, mwana aphunzire kupeza kona ija yekha. Tsiku lina adzabwera nalo kunyumba theka la pointi limene mnzake anali ataliwerengera kale.